Ndinapaka Makala pa Tatuu Yanga

Chizindikiro choyamba chinali kufunda, ndipo ine ndinachilandira ngati mwayi. Linali Loweruka la mu Juni, ndili pamwamba pa phiri la Zomba kwa alamu anga amene amagulitsa zipatso m'mbali mwa msewu kumeneko. Nkhungu inali itakuta mitengo ya paini, aliyense atabisa manja m'khwapa, koma mkono wanga wamanja unali ukutentha ngati ndauyandikiza pa mbaula. Ndinawauza alamuwo kuti ukalamba wayamba kundikonda, wandipatsa moto woyenda nawo. Tinaseka. Potsika madzulo ndinazindikira kuti malaya akundithina mkono umodzi wokha.

Ndine bambo wa zaka zopitirira makumi asanu. Ndimagulitsa mabuku akale pafupi ndi msika wa Zomba, ndipo ambiri ondigula ndi ana a ku yunivesite ndi anthu a m'maofesi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Zina zonse ndaphunzira m'katundu wanga yemweyo, chifukwa buku lililonse ndimayamba ndaliwerenga ndisanaligulitse. Ndimadziwako za njuchi, za nyenyezi, ngakhale za injini za sitima zapamadzi zimene sindinazionepo. Vuto la munthu wotere ndi lakuti amadziwa pang'ono pa chilichonse, ndipo pang'onopo amakukhulupirira kwambiri.

Mwina mukudabwa kuti bambo wa imvi, woimba besi mu kwaya ya abambo, ankafunanji ndi tatuu. Amayi anga anali a ku Phalombe, ndipo anali ndi mphini kumaso, zimene iwo ankazitcha nembo: timizere titatu pa tsaya lililonse, ndi kena konga tsamba pamphumi. Anamwalira chaka chimodzi izi zisanachitike. Chithunzi chawo tili nacho chimodzi, chojambulidwa patali pa ukwati wa munthu wina, ndipo mphinizo sizioneka. Tsiku lina ndinapezeka ndikulephera kukumbukira ngati timizereto tinali toongoka kapena topendekeka. Zinandivuta mumtima. Ndinapita kwa achemwali anga ku Songani, anandijambulira pansi ndi kamtengo, ine n'kukopera.

Amene anandijambula ndi Yamikani, mnyamata amene anaphunzira zojambula ndipo ali ndi kachipinda m'tauni momwe amalemba zikwangwani ndi kujambula anthu pakhungu. Ndinene poyera kuti ntchito yake anaigwira bwino. Singano anaitsegula m'pepala lake ine ndikuona, anavala magolovesi, anapukuta khungu ndi sipiriti. Anajambula pakati pa chigongono ndi dzanja, mbali yamkati. Atamaliza anandikhazika pansi n'kundiuza kasamalidwe kake: kutsuka m'mawa ndi madzulo ndi madzi oyera ndi sopo wopanda fungo, kuumitsa ndi kansalu koyera mosakhula, kudzola mafuta pang'ono kwambiri, kusakanda, kusachotsa nkhanambo, kusauika padzuwa kapena mumtsinje. Ananenanso kuti, “Madala, ikayamba kusupuka ioneka yotuwa ngati yafufuta. Musadabwe, musaigwire.” Ine ndinkagwedeza mutu, koma maso anali pa mkono, ndikuona nkhope ya amayi. Mawu omalizawo analowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Sabata yoyamba ndinali wodwala womvera. Kenaka khungu linayamba kusupuka ndi kuyabwa, ndipo timizere tija tinatuwa. Tsamba lija linkaoneka ngati lalembedwa ndi choko. Ndinakhumudwa. Apa ndi pamene nzeru zanga zinadzuka.

Amayi ankatiuza mmene ankatemera mphini kwawo. Mayi wachikulire ankacheka ndi lumo, n'kutikitamo makala osinja osakaniza ndi mafuta a nsatsi. Zikatuwa, ankamatula nkhanambo n'kutikitanso, mpaka zitada bwino. Ndinaganiza motere: inki ndi yakuda, makala ndi akuda, singano imaboola, lumo limacheka, kusiyana kuli pati? Ndinadziona ngati munthu amene walumikiza nzeru za makolo ndi za masiku ano, ndipo ndinadandaula pang'ono kuti panalibe wondiombera m'manja. Ndinatola khala pa mbaula, ndinalisinja ndi mwala pakhonde, ndinagula mafuta a nsatsi pamsika, a m'kabotolo kopanda dzina. Ndinamatula nkhanambo ndi chikhadabo n'kutikita. Zinawawa, koma mizere inada bii, ndipo ndinagona wokhutira. Ndinabwerezanso mawa lake ndi mkuja wake.

Akazi anga, mayi a Tadala, anandipeza ndikutikita.

“Bambo a Tadala, mwana uja anati muzitero?”

“Mwana uja wabadwa liti? Izi zinayamba iye asanabadwe.”

“Chabwino, aphunzitsi,” anatero, n'kulowa m'nyumba. Akandiitana kuti aphunzitsi ndimadziwa kuti sanagwirizane nazo.

Kufunda kuja kwa paphiri kunabwera pambuyo pa zimenezi. Lamulungu ndinavala jekete n'kupita ku tchalitchi, ndinaimba, koma buku la nyimbo ndinaligwira ndi dzanja lamanzere. Lolemba mkono unkagunda ngati muli mtima wachiwiri. Khungu lozungulira tatuu linatupa, linada mofiirira n'kumanyezimira. Lachiwiri panayamba kutuluka mafinya, ndipo m'khwapa munatuluka mwanabere. Madzulo ake ndinanjenjemera, mutu ukuwawa, chakudya osachifuna. Ndinagula mapiritsi ochepetsa ululu pa golosale n'kudziuza kuti ndi malungo, ngakhale m'mwezi wozizira ngati umenewo udzudzu umakhala wochepa. Mnzanga wogulitsa nsapato pafupi nane anandiuza kuti nditsegule kapisozi n'kuwaza ufa wake pabalapo. Chimenecho chokha ndinakana, ndipo ndimadziyamikira mpaka lero, poti pa sabata imeneyo zoyamikirika zanga n'zochepa.

Chimene chinkandiletsa kupita kuchipatala si mtunda. Kuchokera kwathu ku Chinamwali minibasi imafika msanga. Anali manyazi. Kuchipatalako kumagwira ntchito amayi awiri a mumpingo mwathu, ndipo pamzere sipalephera kupezeka munthu wokudziwa. Ndinkadziona nditapinda malaya pamaso pa anthu, bambo wamkulu, kuonetsa zimene ambiri amati n'za anyamata osuta chamba. Ndinasankha kuvala juzi pamwamba pa malaya, balalo n'kumatukusira m'katimo.

Lachitatu m'mawa ndinalephera kumanga mabatani. Zala zinatupa ngati nthochi, ndipo kuchokera pa tatuu panali mzere wofiirira wolunjika kuchigongono. Mayi a Tadala anauyang'ana. Anatenga kabuku kanga ka kuchipatala, bulangete, mbale ndi kapu, n'kuika m'chikwama. Ndinati ndiyambe ndakatsegula pamabuku. Anati mabuku akhala akudikira owerenga zaka zambiri, adikiranso.

Tinafika kuchipatala anthu atadzaza kale mabenchi. Tinapereka kabuku, tinakhala. Munthu wina wa zaumoyo anayambitsa nyimbo, wina anapemphera, kenaka panali phunziro la kusamba m'manja, limene ndinalimvetsera ngati akunena ine ndekha. Mzere unkayenda posuntha matako pa benchi, pang'onopang'ono. Namwino wina ankadutsa akuyang'ana odwala kwambiri. Atafika pa ine anaona thukuta pamphumi m'kuzizira konse kuja, anati ndivule juzi. Anayang'ana mkono, anandigwira pamphumi, n'kunena kuti, “Bambo awa alowe.”

Adokotala anali achinyamata, msinkhu wa Tadala wanga. Anandiyeza kutentha kwa thupi, anayeza malungo osawapeza, anayeza shuga n'kupeza kuti ali bwino. Anafunsa za singano, ndinawauza kuti inali yatsopano, komabe anati ayeze magazi pa matenda ena olowera pa singano, ndipo ndinavomera. Kenaka anafunsa funso limene ndinkaliopa.

“Munapakapo chiyani apa?”

Ndinafotokoza zonse, mpaka mwala wa pakhonde. Ndinayesa kuyamba ndi mbiri ya mphini kuti nkhani ioneke yaulemu, koma mayi a Tadala anadula: “Makala, adokotala. A pa mbaula.”

Adokotalawo sanaseke. Anati tatuu yatsopano ndi bala lotseguka ngati bala lina lililonse, ndipo ine ndinachotsa chotsekera chake n'kulowetsamo dothi ndi dzanja langa. Anati tizilombo talowa mkati mwa mnofu ndipo tayamba kukwera. “Tikugonekani lero lomwe. Tiyesetsa kuti mkonowu tiusunge. Mukanakhalanso kunyumba mpaka Lamulungu, sindikudziwa kuti tikanakamba zotani.”

Mawu akuti tiusunge ndi amene anandilowa. Kufikira nthawi imeneyo ndinkadandaula za tatuu chabe. Sindinaganizepo kuti mkono umene ndimanyamulira makatoni, kumatira zikuto zong'ambika ndi kulembera mitengo ya mabuku ungakhale chinthu choti anthu akambirane ngati ukhale kapena uchoke.

Anandibaya jakisoni wa kafumbata, anandiika kanyula, kasingano kolowetsera mankhwala mumtsempha, kudzanja lamanzere, n'kundipititsa ku wodi ya abambo. Namwino wa kumeneko, mayi wamkulu wolankhula pang'ono, anatenga bolopeni n'kuzunguliza mzere pakhungu, kutsata malire a kutupa. Anati, “Kutupaku kukatsika m'kati mwa mzerewu, mankhwala akugwira. Kukadumpha, tiitana adokotala.” Ndinati chaka chimenechi aliyense akufuna kundijambula. Anangoti, “Iyi ndi yofufutika, musapakepo kanthu.” Anakweza mkonowo n'kuumangirira ndi bandeji ku chitsulo cha diripi, moti ndinagona ngati mwana wa sukulu amene akudziwa yankho koma aphunzitsi sakumuloza.

Moyo wa mu wodi uli ndi kayendedwe kake. Kusanache bwino okolopa amafika, magadiyani onse n'kutuluka. Kenaka anamwino amadutsa ndi kangolo ka mankhwala, kuitana mayina. Phala limabwera m'chidebe. Dzuwa likakwera adokotala amazungulira bedi ndi bedi ndi ophunzira awo, ndipo pa bedi langa ankachedwapo, chifukwa nkhani ya makala inkafotokozedwa kwa gulu lililonse latsopano. Ndinasanduka buku, ine wogulitsa mabuku. Masana ndi madzulo zitseko zimatsegulidwa, abale amalowa ndi mabasiketi, magulu a mapemphero amaimba pakati pa mabedi. Nthawi yotsala ndi yodikira. Umayang'ana madontho a diripi, umayang'ana denga, umayang'ana phiri pawindo. Mayi a Tadala ankagona kumalo a magadiyani n'kumaphika komweko pa mafuwa, pamodzi ndi amayi a ku Jali, ku Mayaka ndi ku Domasi, ndipo pofika tsiku lachitatu ankadziwa matenda a wodi yonse kuposa ine.

M'mawa wotsatira kutupa kunali kutadumpha mzere wa bolopeni mbali ya kuchigongono. Namwino anayang'ana, anapita, anabwera ndi adokotala. Anati mafinya asonkhana mkati ndipo mankhwala okha sangawafike, pafunika kung'amba. Anandiuzanso mosabisa kuti akakapeza mnofu wambiri utafa, nkhani idzakhala yaikulu kuposa pamenepo. Ndinasainira ndi dzanja lamanzere, dzina langa n'kuoneka ngati lapalasidwa ndi nkhuku. Ndikudikira pa kabedi ka matayala ndinayesa kuganiza mmene munthu amatsegulira tsamba la buku ndi dzanja limodzi. Zimatheka, koma sindinafune kuphunzira.

Nditatsitsimuka, chinthu choyamba ndinayang'ana kumanja. Mkono unalipo, wokutidwa ndi bandeji, zala zikusuzumira kumapeto. Adokotala anati mafinya anatuluka ambiri koma mnofu wozama unali wamoyo. Anapepesa kuti mpeni unadutsa pakati pa tsamba lija, poti ndi pomwe panali chithupsa. Ndinawauza kuti asapepese.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kubwerera. Kutentha thupi kunatsika usiku womwewo. Kutupa kunalowa m'kati mwa mzere, tsiku lililonse kumasiya mpata wokulirapo. Chowawa chinali kutsuka bala m'mawa uliwonse: ankatulutsa kansalu kamene anaika mkati, kutsuka ndi madzi a mchere, n'kuikamo kena. Ndinkaluma kolala ya malaya. Bambo wa bedi loyandikana nalo, woyendetsa kabaza amene anathyoka mwendo, ankandilimbikitsa kuti, “Imbani besi, akulu, tikuthandizani.” Masana ndinkawawerengera anzanga buku la njuchi limene mayi a Tadala anandibweretsera, ndipo mkangano wa ngati mfumu ya njuchi ndi yaikazi unatenga masiku awiri.

Yamikani anabwera atanyamula malalanje, nkhope itagwa. Anali atamva kuti m'tauni mukumveka zoti wapundula munthu. Ndinakweza mawu kuti wodi yonse imve, n'kunena kuti mnyamatayu anandiuza zonse zoyenera ndipo ine ndinachita zanga. Anapumira m'mwamba, kenaka anati, “Koma madala, makala enieni?” Ndinati enieni, a mtengo wa tsanya, osati achabechabe.

Tsiku limene ndinkaliopa linafika Lamulungu masana, pamene abambo a kwaya analowa pamodzi ndi mkulu wa mpingo wa dera lathu. Nkhani anali ataimva kale, poti ku Zomba nkhani siyenda pa minibasi, imafika yokha. Mkuluyo ndi munthu wosaseka wamba. Anafunsa chimene ndinajambulitsa, ndinamuuza. Anakhudza tsaya lake n'kunena kuti amayi ake nawonso anali nazo, zinayi mbali iliyonse. Sananene kuti ndinachita bwino, sananenenso kuti ndinachimwa. Anapemphera, anaimba nyimbo imodzi yopanda besi, n'kupita. Manyazi amene anandisunga kunyumba mpaka mkono kufuna kuwola anathera pomwepo.

Achemwali anga a ku Songani nawo anabwera, ndipo atamva za makala anagwira pakamwa. “Achimwene, amayi sanakuuzeni za msuweni wawo? Anatupa nkhope mwezi wathunthu, diso limodzi silinaonenso bwino.” Amayi ankatiuza za amene mphini zawo zinakongola. Za enawo ankauza ana aakazi okha.

Ananditulutsa patapita sabata ndi masiku angapo, ndi mapiritsi oti ndimwe mpaka atathe ngakhale ndidzimve bwino. Ndinamwa onse, mayi a Tadala atayima pambali. Zotsatira za magazi zinabwera zabwino. Bala ndinkakatsukitsa pa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu mpaka linatsekeka lokha kuchokera mkati. Zala zinali zouma, ndiye anandiuza kuti ndizifinya mpira wa masokosi ndikakhala pamabuku. Mwezi wa Ogasiti usanathe ndinanyamula katoni yoyamba. Inali ya mabuku a masamu, olemera ndiponso osagulika, koma tsiku limenelo ndinawakonda.

Tatuu inatsala yoonongeka. Tsamba linadulidwa pakati ndi chipsera, ndipo timizere tiwiri tinafufutika pomwe ndinkamatula. Ndinadikira mpaka dzinja litatha, ndinakafunsa kuchipatala ngati n'zotheka kukonza, ndipo anati khungu lapola, bola asakhudze chipseracho. Yamikani anavomera pokhapokha mayi a Tadala atakhalapo pomva malangizo. Anabwera, anamvetsera, anafunsa mafunso kuposa ine.

Ulendo wachiwiriwu ndinachita monga anandiuzira. Madzi tinkawiritsa n'kuwasiya azizire. Ndinkasamba m'manja ndisanakhudze. Sopo wopanda fungo, kansalu kochapa n'kusita, mafuta ochepa moti khungu lingonyezimira pang'ono. Ndinkavala malaya otaya, a manja aafupi, ndipo pamabuku ndinasuntha mpando kuti ndikhale pamthunzi. Kuyabwa kunabwera, koopsa, ndipo ndinkangomenya pang'ono pambali pake ndi chikhatho kapena kukhalira dzanja lamanzere kuti lisapite kumeneko. Khungu linasupuka, tizidutswa tinkagwa tokha pa malaya. Kenaka kutuwa kuja kunafika, chimodzimodzi ngati poyamba, mizere ngati ya choko. Mayi a Tadala anasamutsa thumba la makala n'kukaliika kwa aneba, ati pofuna kundithandiza. Ndinadikira. Patapita masabata angapo khungu latsopano linakhazikika, ndipo mizere inatuluka yokha, yakuda bii, popanda wina kuithandiza. Chimene ndinagonera m'chipatala chinali chinthu choti chikanakonzeka chokha ndikanangokhala pansi n'kuwerenga buku.

Lero ndili bwino. Mkono umagwira ntchito zonse, kungoti kukazizira kwambiri chipsera chimakoka pang'ono, ndipo chala chaching'ono chimachita dzanzi ndikalemba nthawi yaitali. Phiri ndimakwerabe. Malaya ndimapinda popanda kuyang'ana kuti akubwera ndani.

Ana a sukulu ambiri amene amaima pamabuku panga ali ndi ma tatuu, ena atsopano, akunyezimira. Sindiwauza kuti ajambulitse kapena asajambulitse, poti pa nkhani imeneyi ine si woweruza woyenera. Ndimangowauza, ndipo ndikuuzani inunso, kuti chimenecho ndi chilonda mpaka chitapola. Chitsukeni, musachikande, musachimatule, musapakepo za pa mbaula, za m'munda kapena za m'kapisozi. Kuwawa pang'ono, kuyabwa, kusupuka ndi kutuwa n'zoyembekezeka. Koma pakayamba kutentha, kutupa kukamakula m'malo mochepa, pakatuluka mafinya, mukaona mzere ukukwera kapena thupi likayamba kunjenjemera, nyamukani tsiku lomwelo. Musayambe mwafunsa wogulitsa nsapato, ngakhale wogulitsa mabuku. Pamzere paja adzakuonani anthu okudziwani, inde, ndipo ena adzakamba. Ine anandikamba Chinamwali yense kwa mwezi umodzi, kenaka anapeza nkhani ina. Mkono ukanachoka, wina sukanamera.